Bambo Anga pa Tsamba 112

Mlembi uja anabwera Lachiwiri, mvula ikuwaza,
atanyamula kope lobiriwira,
nsapato zake zosadziwa matope a kuno.
Anakhala pampando wogwedera wa m'khitchini mwathu
n'kufunsa bambo, Evaristo Bazán,
wokonza makina padoko la Rosario kwa zaka makumi atatu,
za tsiku limene timu yathu inapulumuka kutuluka mu ligi.

Buku linatuluka chaka chotsatira.
Pa tsamba 112 bambo akangamira waya wa bwalo,
maso ali tong'o pa mpira ukugwedeza ukonde,
misozi ikutsikira m'ndevu.
Akuti mzinda wonse unapuma mpweya umodzi.

Ndinawawerengera mokweza, poti magalasi awo anali atasweka.
Anaseka mpaka kutsamwa.
Ndevu sanasungepo chibadwire.

Ine ndinalipo, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Woyimbira atangoloza penate
bambo anandigwira padzanja, tinatsika masitepe
n'kukaima kuseri, pafupi ndi zimbudzi,
pomwe Mayi Ofelia ankawotcha soseji.
Penate sankaonera. Ankati maso awo ndi atsoka:
anayang'anapo kamodzi ali mnyamata,
mpira unagunda chitsulo,
ndipo mlanduwo anausenza okha mpaka imvi.
Tsikulo anayang'anitsitsa khoma,
akuwerenga ming'alu, milomo ikutakataka.
Chigolicho tinachimva ndi mapazi.
Simenti inanjenjemera, fumbi linatigwera m'tsitsi,
galu wina anathawa ndi soseji ziwiri.
Bambo anangoti,
"Tiye msanga, basi idzaza."

Zimenezi mlembi sanamuuze.
Anamupatsa mawu a muulutsi wa pa wailesi
amene anawamva usiku womwewo akusenda mbatatesi,
mlembi n'kuwathira mchere, n'kuwonjezera ndevu.
Owerenga ena anafika mpaka pakhomo pathu
kufuna kugwira dzanja lomwe linagwira waya.
Bambo ankawapatsa dzanjalo, osatsutsa,
lodzaza girisi m'zikhadabo.

Tsopano bukulo limakhala pansi pa mwendo wa mpando uja.
Sugwederanso.

Koma sabata yatha ndinadzuka pakati pa usiku kukamwa madzi,
ndinapeza mpando utapendekeka,
nyale ya pamwamba pa chitofu ikuyaka,
bambo atavala magalasi a malemu amayi
omwe amawatsina pamphuno,
chala chikukwawa mzere ndi mzere.
Atafika pomwe wosewera akutchera mpira pansi
anatseka buku, chala chili m'kati,
n'kutembenukira kukhoma.

Ndinadikira pachitseko, kapu ili m'manja.
Patapita nthawi anatsegulanso.