Chilankhulo chimene amati chinafa

Bambo anga, a Dhundiraj Paranjpe,
anadinda matikiti zaka makumi atatu
pa siteshoni ya sitima ku Ujjain.
Pano anapuma. Sagona.

Usiku, fani ikamalira kudenga,
amawerenga ndi zala: lalitali, lalifupi, lalifupi,
maphatikizo a Chisanskrit,
chilankhulo chimene anzanga a ku koleji amati chinafa.
"Chinafa?" amatero. "Nanga chikundisowetsa tulochi n'chiyani?"

Sabata yatha anavutika masiku anayi
kusaka liwu loti atchulire thanki yapulasitiki,
yakuda ija ili pamwamba pa nyumba yathu.
Akale ankanena za mtsuko wadothi:
mpweya wa m'kati ndi wa kunja ndi umodzi,
mtsuko ukasweka palibe chatayika.
Iwo akuti mtsuko wa lero susweka msanga,
umangopauka ndi dzuwa,
moti munthu amafika mpaka imvi
akuganizabe kuti ali payekha.

Ine yanga n'kutayipa.
Zilembo zimalendewera kumzere
ngati zovala zoyanika pachingwe,
ndipo ndikaphonya kadontho kamodzi
amadziwa asanavale n'komwe magalasi.

Lamlungu kunali msonkhano wa alakatuli
m'holo ya sukulu, pafupi ndi mtsinje wa Shipra.
Mipando zana. Anthu khumi ndi atatu,
kuwerengera ndi wogulitsa tiyi.
Mayi wina wozula mano analakatula za imfa ya mlongo wake,
mnyamata wa ku Indore za foni imene inamugwera m'madzi posamba,
n'kutsala wopanda womuitana, kupatula Mulungu.
Bambo atangoimirira, magetsi anathima.
Analakatulabe mumdimamo, zapamtima.
Sindinamve zonse, Chisanskrit changa n'chotsimphina,
koma atafika pa thanki paja
wina kumbuyo anaseka,
kenako kunangoti zii
nthawi yaitali ndithu.

Pobwerera, pa njinga yamoto,
tikuzemba ng'ombe ndi ngolo za maluwa,
anandigwira paphewa:
"Mzere wachitatu uli ndi phatikizo limodzi loposera.
Palibe amene wazindikira."
"Ndiye zili bwino, Bambo."
"Ayi, Mrinmayi. Ine ndazindikira."

Tinapeza amayi atavindikira chapati, atagona.
Bambo sanadye.
Anatenga tochi n'kukwera makwerero,
ndipo ndinawamva pamwambapo
akugogoda thanki ndi chala,
kawiri motalikitsa, kamodzi mwachidule,
ngati akufunsa ngati muli munthu.