Chikhomo Chinasamuka

Tinatsika basi pa Mpondasi Lolemba m'mawa,
ophunzira khumi ndi anayi, mabokosi achikasu atatu,
zipewa zatsopano,
ndi nzeru za m'kalasi zosalawapo thukuta.
A Kamwendo, aphunzitsi athu, anangoti:
Yambirani pa chikhomo cha simenti icho,
muzungulire kuseri kwa mzikiti,
mudzatsekere pa chinzake cha pamphambano.
Manambala akagwirizana, mukadye.

Ine anandipatsa ndodo ya mizeremizere
kuti ndiime njo ngati mlongoti,
uku Lusayo, diso limodzi chotsinzina,
akunyengerera kathovu kuti kakhale pakati.
Kathovu n'kamwano.
Ukakhudza mwendo umodzi wa makina kathawira kuvuma,
ukapuma mwamphamvu kabwerera kuzambwe,
ndipo dzuwa la Okutobala
silifunsa kuti uli chaka chachingati ku yunivesite.
Pofika masana manambala ankavina m'galasi,
naini n'kusanduka sikisi uli chipenyere.

Ana anatitsata mpaka kumigwalangwa,
akufuula: Tijambuleni! Tijambuleni!
Mayi wina wogulitsa malambe anatchinga njira,
manja m'chiuno:
Mwabwera kudzadula malo a yani?
Sakina anawayankha m'Chiyao.
Zomwe ananena sindinamve,
koma mayiwo anaseka mpaka kugwira bondo
natitungira madzi m'chikho chawo.

Usiku, pakhonde la sukulu yomwe tinkagona,
tinawerengera ndi tochi ya foni.
Ngodya zonse bwinobwino.
Koma mzere wathu unaphonya chikhomo chotsiriza
ndi mita imodzi ndi theka.
Mita ndi theka!
Bwanali anati ndine ndinapendamitsa ndodo.
Ine ndinati Lusayo amawerenga ndi njala.
Lachiwiri tinabwereza, osalankhulana.
Mita ndi theka.
Lachitatu tinatulutsa makina omva masetilaiti,
nawonso anatiloza pamtetete, pakati pa fumbi,
pomwe panalibe kanthu koma mapazi a mbuzi.

A Kamwendo anakhala pa bokosi, akusenda chinangwa,
osatithandiza ngakhale ndi chikope.

Chikhomocho chinali pansi pa mtengo wa mango,
pomwe Che Twaibu amakonzera njinga za kabaza.
Masiku atatu tinawapempha kuti asunthe
tiikepo ndodo yathu,
masiku atatu anasuntha mwaulemu,
sipanala m'manja, osafunsidwa china chilichonse.
Ndinakhala pambali pawo chifukwa cha kutopa basi,
ndikuona mmene amawongolera limu pamwala wa boma uja,
khoo, khoo, pamutu penipeni pa msomali wamkuwa.
Ndinati: Mwalawu ndi wolimba.
Anati: Kwabasi. N'chifukwa chake ndinautenga.

Unali apo, anatero, akuloza ndi chibwano
pomwe panali mapazi a mbuzi.
Chaka chomwe madzi analowa m'nyumba
unagwa chagada, wopanda mwini.
Pamenepo palibe mthunzi, mwanangu.
Ndinaukunkhuniza mapazi awiri, ndinaukwirira bwino.
Ndalakwa?

Lusayo anakhala pansi, pafumbi pomwepo.
Bwanali anavula chipewa n'kuyang'ana mkati mwake
ngati yankho linali m'menemo.
A Kamwendo anamaliza chinangwa chawo,
napukuta manja pa thalauza.
Ndinauona Lolemba, anatero.
Simenti yake yapendekera kumsewu.
Inu munafunsa galasi, munafunsa kumwamba,
munthu amene amakhalira mwalawo simunamufunse.

M'kope langa muli danga laling'ono kumapeto,
lolembamo ndemanga.
Anzanga amalembamo mphepo, kapena mitambo.
Ine ndinalemba ndi pensulo yotafunidwa:
Chikhomo chachinayi chinasamuka mita ndi theka
kutsata mthunzi.
Mboni: Che Twaibu, okonza njinga.

Tikunyamula mabokosi, azana inamveka kumzikiti.
Che Twaibu anatsamiritsa limu pamwala wawo,
nandiitana:
Pa mapu anuwo, mangowu muwalembe.
Ndinawadzala ndine.