Tafika Pati?

Zaka zinayi galimoto yanga yakhala ikuyenda ngati mbuzi yothyoka mwendo.
M'mawa uliwonse ndimachoka pa Ngabu dzuwa lisanakwiye
kupita ku Nchalo, kumene ndimalemba matani a nzimbe,
ndipo madzulo ndibwerera mano akugundana,
chiuno chikundifunsa mlandu.

Kumanzere kwanga kumakhala aLapozo,
mphunzitsi amene maso anazima ali mnyamata.
Msewu iwo amauwerenga ndi msana.
Gu! “Pa Nyakamba apa.”
Khotcho khotcho! “Miseu Folo, chepetsa, pali ana.”
Dzenje lililonse analipatsa dzina,
lina analitcha Mpongozi
chifukwa ungalizembe bwanji, umakumana nalo basi.

Loweruka ndinapita kwa Zuze, pansi pa mtengo wa nimu,
pamene nthaka inada ndi oyilo kalekale.
Sanatsegule boneti.
Anangokanikiza ngodya ya galimoto ndi manja awiri, nkusiya.
Inavina kanayi isanakhazikike.
“Mashoko anafa chaka cha madzi osefukira chija,
inu mwangoyenda ndi maliro.”
Anandilowetsa pansi ndione ndekha:
mafuta atatsikira m'chitsulo ngati misozi youma,
mabushi atang'aluka ngati zidendene za mlimi wa thonje,
masipiring'i atagwada.

Akuti olimba kwambiri agwira bwino pokhota
koma impso mudzazitola pampando.
Ofewa kwambiri, ndiye bwato pa Shire,
mudzakwera Thabwa mukupemphera.
Tinasankha a gasi, apakatikati,
ndi masipiring'i otalikirapo zala ziwiri
kuti mimba isamakhule pansi podutsa pamchenga.
Mtengo wake sinditchula.
Mbuzi ziwiri zinapita,
ndi filiji imene mayi a Nyakuipa akhala akuidikira chilimwe chachitatu.

Tsiku lonse jeke, sipanala, girisi, thukuta.
Nati imodzi inakana mpaka anaiotcha ndi moto.
Mnyamata wake anakhetsa magazi pachala, nkuyamwa, nkupitiriza.
Dzuwa litapendeka anawongola matayala ndi chingwe,
kenako Zuze anadzaza kapu ndi madzi a m'chigubu,
nkuikhazika pakati pa mipando.
“Kafikeni pa sitolo ya thonje, mubwerere.
Akatayika theka, ndalama yanu ndibweza.”
Anatayika madontho okwana kunyowetsa chikhatho.

Lolemba.
Chiwongolero chikumva ndisanamalize kuganiza.
Pokhota galimoto sikutsamiranso ngati woledzera,
ndikaponda buleki siweramanso kupempha pepani.
Ndinamva zinthu zimene ndinali nditaiwala kuti zili m'dziko:
matayala akunong'ona ndi phula,
belu la njinga ya makala,
ngakhale kupuma kwanga.

ALapozo anali chete.
Ndodo yawo yoyera ataigoneka pamaondo,
mutu ataupendeketsa ngati nkhuku yomvera mphamba.
Tinadutsa Nyakamba. Chete.
Miseu Folo. Chete.
Mpongozi tinamuponda, anangoti fu, ngati munthu wapsa mtima mwaulemu.
Patsogolo pang'ono anandigwira mkono.
“Achimwene, tafika pati?”

Zaka zinayi sanandifunsepo funso limenelo.

Ndinati tayandikira Jombo.
Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu
amene wabwerera kumudzi napeza njira zonse zitalimidwa.
“Mwandifufutira buku,” anatero.

Ndinatsitsa galasi la mbali yawo.
Kunalowa kutentha, fumbi,
fungo la nsomba zouma za m'dambo,
kenako utsi wa nzimbe zootchedwa, wotsekemera, wokanda kukhosi.
Mphuno zawo zinagwedera pang'ono.
Chigayo chinalira kumanzere, nkutsalira m'mbuyo.
“Musanene,” anakweza chala.
“Musanene kanthu. Ndiyambirenso sitandade wani.”

Ndinachepetsa liwiro, ngakhale galimoto inkafuna kuthamanga.
Pamlatho wa Nkombedzi mawu a matayala anasintha,
ndipo ndinaona milomo yawo ikusuntha, ikulemba.