Kulemera kwa Herne

Ndinakana tsiku lomwe unabwera naye, Vilhelmiina.
Ndinati chule si chiweto,
sadziwa dzina lake, sakuchingamira pakhomo.
Iwe unangoika bokosi lagalasi pafupi ndi zenera
n'kumutcha Herne, poti anali biriwiri ngati nsawawa.
Chaka chino uli ku Oulu, ukuphunzira za mano a anthu.
Ine ndi iye tatsala m'nyumba yosanja ku Hervanta,
amuna awiri osalankhulana.

Lachiwiri lija nyali yake yotenthetsa inazima ndili kuntchito.
Panja chipale chofewa chili mbuu,
chisanu chinalowera pa mng'alu wa zenera
umene ndakhala ndikuti ndimata mawa, ndimata mawa.
Ndinam'peza pansi, osati pa tsamba lake,
ali khuma pakona,
khungu litasanduka la dothi,
kunsi kwa ntchafu kuli psuu ngati wapsa.
Tizala take tija, togwira galasi ngati ulimbo,
tinangoterereka pa chikhatho changa.

Dokotala Rautiainen anamuika pa kasikelo.
Magalamu makumi atatu ndi anayi.
Makiyi a m'thumba mwanga amalemera kuposa pamenepo.
Anati: dontho limodzi pamsana, m'mawa ndi madzulo,
chule amamwa ndi khungu.
Anati: musam'gwirenso ndi manja ouma, bambo,
mchere wa thukuta lanu kwa iye ndi moto.

Zaka makumi awiri ndayendetsa basi mu Tampere muno.
Manja awa agwira chiwongolero, fosholo, iwe uli khanda,
palibe anandiuzapo kuti amawotcha.
Tsopano ndimanyowetsa magolovesi ndi madzi ogonetsa,
ndimayala timapepala tonyowa m'kabokosi ka pulasitiki,
ndimasuzumira choyezera kutentha
ngati munthu wodikira malipiro.
Folo koloko m'bandakucha, ndisanapite ku shifiti,
ndimagwada ndi kachitsulo kopanira,
kankhululu kakuphupha pamphuno pake penipeni.
Iye kungondiyang'ana ndi maso agolide aja,
khosi likugunda pang'ono, pang'ono,
ngati wotchi yotha batire.

Unaimba foni Lamlungu. Ali bwanji Herne?
Ndinati ali bwino. Ndinafunsa za mayeso.
Bodzalo linandiima pakhosi ngati munga wa nsomba.

Tsiku lachisanu ndi chinayi: makumi atatu ndi awiri.
Ndinalemba pa kalendala, m'munsi mwa tsiku la lendi.
Mnzanga Tuomo kuntchito anati, gula wina iwe,
achule onse nkhope n'imodzi, mwanayo sakadziwa.
Ndinaseka naye.
Kenako ndinapitirira siteji yonse
anthu atatu akundiimika ndi manja, ine osawaona.

Usiku wathawu ndikutsuka mbale,
mpopi ukuthira madzi m'poto wopanda kanthu,
ndinamva kuseri kwanga: kroo.
Kamodzi kokha, mawu osasa,
ngati chitseko chadzimbiri.
Ndinatseka mpopi. Zii.
Ndinatsegulanso. Ndinadikira.
Kroo.
Kaya ankayesa mvula ya kwawo kumene sanafikeko,
kaya ankayesa mnzake,
sindikudziwa.
Ndinaima pomwepo madzi akungotayika,
ine yemwe uja ndinkakugogodera kubafa
kuti madzi ndi ndalama.

Sanadyebe.
Kufiira kuja kwazilala, kapena ndi maso anga ofuna.
Koma m'mawa uno ndam'peza atakwera khoma la kabokosi
utali wa chala chimodzi basi,
mimba itamatirira pulasitiki,
mwendo umodzi uli lende,
ngati munthu wokwera basi itayamba kale kuyenda.
Ndam'siya. Sindinam'thandize.
Ndangowaza madzi m'mwamba, agwe okha ngati mame.

Mng'alu uja ndamata.
Nyali ndagula ziwiri.
Madzulo ndikuimbira foni, mwanawe,
ndikuuza zonse,
kuyambira pa zenera.