Madzi a Dzimbiri

Mgodi wa malasha anautseka chaka chimene Twila anabereka wachiwiri,
koma phiri silinaleke kukha magazi.
Kamtsinje ka kuseri kwa tchalitchi kakuyendabe kofiira,
kopanda nsomba, kopanda chule.

Kuno ku West Virginia, m'chigwa chimene dzuwa limafika mochedwa
n'kuchoka msanga ngati mlendo wangongole,
Twila amadzuka folo koloko.
Amayamba watchera khutu ku makina a mpweya a Orville:
fyuu, fyuu.
Mapapo a mwamunayu anatsala pansi pa nthaka,
thupi lokha ndilo linakwera chikepe.
Akamva kuti akupuma, m'pamene amavala nsapato.

Ola lathunthu pa galimoto yakutha matayala
kukasambitsa nkhalamba za eni,
kuzitembenuza, kuzipukuta, kuvomera kuti "ndabwera, amayi"
kwa munthu amene sanamubereke.

Glenna wa pasitolo ya zotchipa amamusungira khofi.
Za Dwight sakamba.
Za Renny sakamba.
Ana awiri, kalasi imodzi, mapilitsi amodzimodzi
a dokotala wa msana uja anasamuka usiku.
Manda awo atalikirana mapazi khumi ndi awiri,
Glenna anawerenga yekha, chipale chili m'mawondo.
Amakamba za mtengo wa mafuta, za denga lodontha,
za gwape amene wamaliza nyemba kudimba.

Sukulu anaisandutsa mosungira matayala.
Pakhomo pa positi ofesi pamera udzu.

Koma Lachisanu madzulo kukhitchini kwa Glenna
mabotolo amawira mumphika,
tomato, maapozi, akazi anayi, mipeni inayi,
mdzukulu wa Twila pansi pa tebulo akujambula bambo ake
atakwera galimoto yopanda denga.
Verlie aponya nthabwala yolaula ya abusa,
onse kikiki, mpaka Twila agwira sinki,
ndipo kuseka kuja kutembenukira pakhosi, kusanduka china.
Palibe womugwira phewa.
Glenna angomusinthira mpeni, kumupatsa wakuthwa:
"Senda, mnzanga. Chisanu sichidikira wolira."

Mabotolo makumi anayi ndi awiri.
Akamazizira zivundikiro zimalira chimodzichimodzi, tho, tho,
ndipo limene silinalire amadya mawa lomwe.

Abwerera mumdima, mwana ali mtulo kumbuyo,
njira yokhotakhota yotsata madzi ofiira aja.
Nyale ya pakhonde ikuyaka.
Azimitsa injini.
Asanatsegule chitseko, atchera khutu.