Tepi ya Bambo

Bambo anga ankasoka pa khonde la golosale ku Lizulu,
tepi m'khosi ngati kolona,
choko kuseri kwa khutu.
Munthu akati, "Mundisokere ngati ya uje,"
iwo ankangoti, "Takwezani kaye manja."

Ine ndili ndi mipando iwiri basi
m'kachipinda ka uphungu kuseri kwa famase,
pa chipatala cha Dedza,
pomwe Juni amalowera pansi pa chitseko.
Buku la kumaphunziro limati:
funsani mafunso khumi ndi anayi, motsatana.
Gelevazio anapirira awiri okha
n'kudzuka, chipewa m'manja.

Ndi wocheka matabwa.
Mtengo wa paini unagwera mnzake m'phirimo
iye atagwira mbali ina ya sowo.
Chichokereni tsikulo, pakhosi pake padzaza utuchi.
Sabata inayo ndinasiya buku pa tebulo,
tinatuluka, tinalowera ku bwalo la mpira.
Kani munthu uyu amalankhula maso ali kutsogolo,
phewa ndi phewa,
ngati anthu osenza thabwa limodzi.
Tili pa golo lakumunsi anatchula dzina: Sikenala.
Sindinalembe.
Tinazungulanso bwalolo.

NaNgozo yekha amafuna chitseko chotseka,
katani wokoka, mawu apansipansi.
Khanda la milungu isanu kumsana.
"Ndimamuyamwitsa, ndimamusambitsa,
koma mumtimamu muli zii."
Apongozi ati ndi ulesi.
Amayi amvano ati apemphere kwambiri.
Ine ndinafunsa kuti anagona liti tulo tofika m'mawa.
Anawerenga zala, zala zinatha.
Uyu tinamusokera ambiri:
adokotala ndi timapiritsi tawo,
mng'ono wake wobwera kudzagona nawo,
mwamuna wake amene ndinamuphunzitsa kubereka mwana
manesi akuseka pa windo.

"Musandiphere miyambi," anatero a Dzoole,
"ndine mphunzitsi wa masamu."
Ndiye tinalemba katapila yense pa pepala,
uyu zakuti, uyu zakuti,
mpaka chilombo chinakhala nambala,
yaikulu ndithu, koma yokhala ndi pothera.
Kenaka ndinafunsa mosapita m'mbali
ngati anaganizapo zodzichotsa m'dziko.
Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali.
"Kawiri."
Sitinatuluke mpaka mkulu wawo wa ku Bembeke
atayankha foni,
atakwera njinga yamoto,
atafika ndi fumbi m'nsidze.

Ndimaphonyanso.
Siyileni wa Fomu 3, amene mtima umamugunda ngati chigayo
akangomva fungo la pepala la mayeso,
ndinamuphunzitsa kupuma mowerenga,
kukoka kanayi, kutulutsa kasanu ndi kamodzi.
Anachita mwaulemu, anathokoza atagwira chigongono,
ndipo sanabwerenso.
Mwina nkhani sinali mayeso.
Mwina ndinadula nsalu asanatsitse manja.
Lachinayi lililonse ndimasuzumira pa benchi.

Kunjaku onse amawaunjika pamodzi
ngati belo la kaunjika:
"Mutu sukuyenda. Mutumizeni ku Zomba."
Koma ine ndaona mitu ikuyenda,
ina usiku wonse osapuma,
ina ikubwerera pa chitsa chimodzimodzi m'phiri.

Tepi ija ndili nayo m'chikwama.
Manambala oyambirira anafufutika
pomwe chala cha bambo chinkatsina.
Madzulo ena, nkhungu ikatsika kuphimba misika,
ndimaikulunga pa dzanja langa
n'kuimbira Felesita wa ku Ntcheu,
amene amandimvera ine,
amene amadziwa kuti ndimayamba ndi nthabwala
ndipo sandifulumizitsa.

Wina akugogoda.
Ndi wachilendo, jekete lalikulu, maso pansi.
Ndakankhira buku m'mbali.
"Lowani. Mukhale pomwe mwakonda,
kapena muimirire kaye."
Waima pa chitseko,
phazi limodzi likadali panja.
Tiyambira pamenepo.