Makadi a ku Florin

Anandilemba ntchito chifukwa cha zala zanga:
mawu makumi asanu ndi limodzi pa mphindi, osafufuta.
Palibe anandifunsa ngati ndinkawadziwa anthuwo.

Lamulo linachokera ku Washington, dzanja limodzi litasaina.
Aphungu anagwedeza mitu ngati anthu osinza,
oweruza anati zoterezi tidzakambirana mfuti zikadzazizira.
Kwathu kuno linafika ndi msilikali wopanda ndevu
amene analikhomera pa mtengo wa magetsi
pakhomo pa sitolo ya a Nishikawa,
misomali inayi, umodzi wopindika.

Poyamba anati mawayilesi okha.
Kenako makamera, ndi mfuti zoopsezera mbalame m'minda.
Kenako eyiti koloko isakupezeni panja,
musapitirire mamailosi asanu.
Ife tinkati n'zanzeru.
Zombo zathu zinali pansi pa nyanja,
mchimwene wanga Delbert anali atasiya kulemba makalata,
mantha tinkapaka pa buledi m'mawa uliwonse.

Ine ndinkangotaipa.
Dzina, zaka, nambala ya banja.
Okabayashi, Shizue, makumi anayi ndi zitatu.
Ndi iwo anandisokera diresi la ukwati,
atagwada, mapini ali pakamwa,
akundidzudzula ndi maso kuti ndisiye kupuma.
Okabayashi, Noboru, khumi ndi zisanu ndi chimodzi,
wobadwira m'chipatala chomwe ndinabadwira ine,
mnyamata amene analoweza malamulo a dziko lino
nalandira chikho cha sukulu, ife tonse tikuomba m'manja.

Pa fomu panalibe polemba mlandu.
Nditafunsa, a Pruitt anavula magalasi:
Si akaidi, mwanawe. Tikuwateteza.
Ndinabweza pepala m'makina
n'kupitiriza.

Tsiku lake linagwa mu Meyi, sitiroberi zitapsa psuu
kuyambira ku njanji mpaka ku tchalitchi.
Munthu atenge zokhazo angathe kunyamula.
Wina ananyamula ketulo, wina wotchi yapakhoma,
bambo wina anavala majekete atatu dzuwa likuswa mtengo.
Khadi lililonse pa batani,
ngakhale khanda, pa shawelo yake.

Mayi Okabayashi anandipeza pa tebulo langa pa siteshoni.
Makina osokera ndasiya pakhonde panu, Lurleen.
Muziwathira mafuta, akangokhala amachita dzimbiri.
Mphepo inatembenuza khadi pachifuwa pawo
ndipo ndinaona chilembo cha e chodumpha mzere,
chilema cha taipi yanga.
Nawonso anachiona, ndikhulupirira,
poti ankachidziwa pa kalata yowaitana ku ukwati.
Sananene kanthu.
Anandikonza kolala, n'kukwera.

Mazenera a sitimayo anali otchinga.
Sindikudziwa amene ndinamubayibitsa.

Masabata awiri tauni yonse inanunkha zipatso zowola,
fungo lotsekemera lomata kukhosi.
Mavu anakhuta.
Anthu ena anagula mathirakitala pa mtengo wa njinga
nati Mulungu wawakumbukira.
Usiku kunali zii, monga tinapemphera,
koma tulo sitinabwere nato.

Makina aja ndinawathira mafuta Loweruka lililonse
osasokerapo kanthu.
Nthawi zina ndinkangopondaponda,
singano ikuboola mpweya.

Chimene chimandidzutsabe si sitima ija ayi.
Ndi Lolemba lotsatira, tikusesa mu ofesi,
nditanyamula mafomu otsala kuti ndikawotche.
A Pruitt anandigwira mkono:
Asungeni mu kabati, mapepala akudula.
Tikadzawafunanso tidzangosintha mawu apamwambawo.

Ndinawasanja bwinobwino, ndine munthu waukhondo.
Kiyi anapachikidwa pa msomali kuseri kwa chitseko,
pomwe aliyense wodzakhala pampando uja
sadzavutika n'kuimirira komwe
kuti aifikire.